Injini Ikachoka, Chatsala N'chiyani? Kusanthula Chikalata cha FIVA cha 2019

Mu Okutobala 2019, bungwe la FIVA linatulutsa chikalata chachifupi, chosadzaza n'komwe masamba awiri, chimene chinautsa mapiri pachigwa pakati pa anthu okonda magalimoto akale. Bungweli, lomwe dzina lake lonse ndi Fédération Internationale des Véhicules Anciens, linakhazikitsidwa mu 1966 ndipo limasonkhanitsa makalabu a magalimoto amakedzana a m'maiko ambiri. Mawu ake anali akuti galimoto yakale imene aichotsa injini n'kuikamo mota ya magetsi ndi mabatire yasiya kukhala galimoto ya mbiri. Ena anaombera m'manja. Ena anati awa ndi madala okakamira utsi wa petulo pomwe dziko likutentha. Onsewo anachimva ngati nkhondo ya mafuta ndi magetsi. Koma munthu akachiwerenga mzere ndi mzere, mosathamanga, amapeza kuti chimene chikuwasowetsa mtendere alembi ake ndi galimoto yovala nkhope ina pomwe m'kati mwake muli zina.

Chikalatachi sichinangogwa kumwamba. Mu 2017 kampani ya Jaguar inaonetsa E-type Zero, galimoto yotchuka ija ya m'ma 1960 itaikidwa mabatire pamalo pa injini yake ya masilinda asanu ndi imodzi. Pa 19 Meyi 2018 anthu padziko lonse anaiona pa kanema, Prince Harry akuiyendetsa kuchoka ku Windsor Castle ali ndi mkazi wake Meghan, madzulo a tsiku la ukwati wawo. Mu Disembala chaka chomwecho Aston Martin inachita chimodzimodzi ndi DB6 ya 1970. Kenako mu Seputembala 2019 Volkswagen inafika pa chionetsero cha magalimoto ku Frankfurt ndi Beetle yakale yoyendera magetsi. Zimene zinayamba ngati luso la amakaniko ochepa m'magalaja a ku California ndi ku Wales zinali zitalowa m'manja mwa makampani enieni amene anapanga magalimotowo. FIVA sikanathanso kukhala chete.

Chimayamba mofatsa. Chimafotokoza kuti makampani osintha magalimoto akale akuchuluka, ndipo ubwino wa ntchito yawo chimautchula mosabisa: galimoto imasunga maonekedwe ake, imagwirizana ndi zofuna zamakono pa nkhani ya chilengedwe, ndipo mwinanso imapeza mphamvu ndi liwiro zimene inalibe. Pofika apa wowerenga akhoza kuyesa kuti akuwerenga zotsatsa malonda. Ndiyeno pamabwera chiganizo chimene ambiri anachidumpha, chonena kuti makampani ena afika mpaka popeza chilolezo choti galimoto yosinthidwayo isunge nambala yake yoyamba ya chasisi, ngakhale kuti pafupifupi zonse zoiyendetsa zachotsedwa. Mulibe mawu odzudzula m'chiganizochi. Muli kudabwa chabe. Koma nkhawa yonse ya chikalatachi yagona pomwepa.

Aliyense amene anaitanitsako galimoto ku Japan, n'kukaitenga ku Dar es Salaam, n'kuilowetsa pa Songwe, amadziwa kuti nambala ya chasisi ndiyo dzina la galimoto. Utoto ungasinthe, matayala angasinthe, koma woyendera amawerama, amapukuta fumbi ndi chala pa chitsulo, n'kumafananiza manambalawo limodzilimodzi ndi amene ali pa pepala. Nambalayo ndiyo imauza boma msinkhu wa galimoto, ndipo ku Ulaya msinkhu umenewo ndi ndalama. Ku Germany galimoto ya zaka 30 yosamalidwa bwino imalandira nambala ya pamsewu yothera ndi chilembo H, imalipira msonkho umodzi wokhazikika, ndipo imaloledwa kulowa m'madera a m'mizinda momwe magalimoto autsi amaletsedwa. Ku Britain ya zaka 40 ikalembetsedwa ngati ya mbiri silipira msonkho wa pamsewu, sikakamizidwa kukayezedwa chaka ndi chaka, komanso silipira mapaundi 12.50 patsiku amene mzinda wa London unayamba kulipitsa magalimoto autsi mu Epulo 2019. Choncho funso loti galimoto ndi ya mbiri kapena ayi limathera m'thumba ndi m'malamulo. Galimoto yokhala ndi mota ya 2019 koma yonyamula nambala ya 1965 ikupempha ulemu wa msinkhu umene zoiyendetsa zake zilibe.

Ikatha kufotokoza, FIVA imanena mbali yake. Imati ikumvetsa chimene chimakopa eni magalimoto ena, ndipo imavomereza kuti malinga ngati malamulo akulola, chilichonse chimene munthu angasinthe pa galimoto yake n'chosankha chake. Ikatero ndiye imakana. Koma taonani kakanidwe kake. Sikunena kuti kusinthako n'koletsedwa kapena kuti n'koipa. Ikungoti monga bungwe lokhalapo kuti lisunge, liteteze ndi kukweza magalimoto a mbiri, silingalimbikitse zimenezi, kaya kwa eni magalimoto kaya kwa opanga malamulo. Awa ndi mawu a munthu wodziwa pothera mphamvu zake. FIVA ilibe apolisi, ilibe khoti. Chimene ili nacho ndi dzina lokha loti galimoto ya mbiri, ndipo chilango chake chonse ndi kulanda dzinalo. Anthu awiri amene yawatchulawo sakulandira uthenga umodzi. Mwini galimoto akumuuza kuti achite zimene wafuna, bola adziwe chimene wataya. Aboma akuwauza kuti magalimoto amene bungweli limawapemphera chifundo pa msonkho ndi pa malamulo a utsi si amenewa.

Pakatikati pa chikalatacho pali tanthauzo la galimoto ya mbiri, lomwe bungweli linali nalo kale. Ndi chiganizo chimodzi cha zigawo zolumikizana: galimoto ya pamsewu yoyenda ndi makina, ya zaka zosachepera 30, yosungidwa ndi kusamalidwa mogwirizana ndi mmene inalili m'nthawi yake, yosagwiritsidwa ntchito pa maulendo a tsiku ndi tsiku, ndipo pa zifukwa zimenezi yokhala mbali ya cholowa chathu cha luso ndi chikhalidwe.

Chigawo choyamba chimayankha amene anati FIVA imadana ndi magetsi. Petulo sakutchulidwa, dizilo sakutchulidwanso. Akungoti makina, ndipo amene analemba amadziwa bwino chifukwa chake. Munthu woyamba kupitirira makilomita 100 pa ola m'galimoto anali Camille Jenatzy wa ku Belgium, mu Epulo 1899, ndipo galimoto yake, La Jamais Contente, inali ya mabatire. Magalimoto a Detroit Electric anapangidwa kuyambira 1907 mpaka 1939, ndipo mmodzi wa amene ankawayendetsa anali Clara, mkazi wa Henry Ford mwiniwakeyo. Mwezi wa Novembala uliwonse, pa ulendo wa magalimoto opangidwa chisanafike chaka cha 1905 wochoka ku London kupita ku Brighton, a petulo amayenda limodzi ndi a nthunzi ndi a magetsi. Munthu atatenga Detroit Electric ya 1914 n'kuichotsa mota kuti aikemo injini ya Toyota, tanthauzo lomweli lingamulande dzina chimodzimodzi.

Pa zaka 30 sindichedwapo. Ndi mzere wongogwirizana, ndipo chaka chilichonse umameza magalimoto ena. Corolla ndi Hilux za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 zinaudutsa kale.

Chigawo chachitatu chili ndi kakhomo kotseguka. Chikalatachi chimati galimoto yosinthidwa imataya dzina pokhapokha ngati zosinthazo zili za m'nthawi yake. Apa chikutsamira pa Charter of Turin, pangano limene FIVA inayamba kulitsata mu Januwale 2013, lomwe limavomereza kuti zimene eni galimoto anasintha m'masiku amene inkagwira ntchito ndi mbali ya mbiri yake. Ndi mfundo yanzeru. Koma nthawi ya galimoto imatha liti, ndipo imathera kuti? Peugeot 504 inatuluka mu 1968. Ku Ulaya galimoto za banja za mtunduwu zinasiya kupangidwa mu 1983, pomwe ku Kenya ndi ku Nigeria ankazilumikizabe mpaka zaka zoyambirira za m'ma 2000. Chevrolet ya m'ma 1950 imene ikunyamula anthu ku Havana ndi injini ya dizilo yochokera m'galimoto ina sinatulukepo m'nthawi yake, popeza sinapumepo. Injini yachilendoyo ikusimba za zaka zimene dziko la Cuba linatsekeredwa malonda ndi America momveka kuposa mmene injini yoyamba ikanasimbira. Chikalatachi chimalankhula ngati nthawi ya galimoto iliyonse ndi imodzi padziko lonse, ndipo koloko imene chikuyang'ana ili pa khoma la ku Ulaya.

Chigawo chachinayi ndicho chimandiwawa, makamaka chifukwa cha chimene chikutsatira. Galimoto isakhale ya maulendo a tsiku ndi tsiku, ndipo pa zifukwa zimenezi ndi cholowa. Kulumikiza kumeneku kukutanthauza kuti galimoto imakhala cholowa ikapuma. Ikamagwirabe ntchito ndi galimoto yakale basi.

Taganizirani Hilux imene imafika pa msika wa kumudzi m'mawa wa tsiku la msika, matumba a chimanga atasanjikizana kupitirira denga. Chitseko cha dalaivala chimatsekulidwa ndi dzanja lotulutsidwa pa windo. Sitata inafa kalekale, ndiye amaiimika potsetsereka, kapena anyamata atatu amaikankha mpaka italira. Makaniko wake, kaya ndi wa ku Biwi kaya wa ku Ndirande, amatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga amagunditsa pa injini, chogwirira amaika pa khutu, n'kukuuzani kuti vuto lili pa silinda yachitatu. Mapulagi amawapala ndi sandipepa. Gasiketi ikasowa amadula yake pa katoni. Munthu ameneyu ali ndi nzeru zonse zimene FIVA ikuopa kuti zitha, zimene chikalata chomwechi chimazitcha chikhalidwe choyendera limodzi ndi magalimoto a mbiri. Sanaziphunzire pa chionetsero cha Lamulungu. Anaziphunzira chifukwa galimotoyo ikapanda kudzuka, ana kunyumba agona ndi njala. Komabe mwa tanthauzo ili, Hilux yake si cholowa, pomwe inzake ya chaka chomwecho imene ikugona m'galaja yofunda ku Munich ndi cholowa. Munthu amayenera kukhala ndi galimoto yachiwiri kuti yoyambayo ilemekezedwe.

Chifukwa chake n'chodziwika. Mfundo imene makalabu amapita nayo ku maboma ndi yakuti magalimoto awo ndi ochepa ndipo amayenda makilomita ochepa kwambiri pachaka, choncho utsi wawo suyenera kudetsa nkhawa aliyense. Atalola magalimoto a tsiku ndi tsiku kulowa, mfundoyo ingagwe tsiku lomwelo. Chigawo chachinayi ndi mtengo umene analipira kuti aloledwe kukhala pamsewu. Ndikumvetsa, koma sindivomereza kuti malire oikidwa pofuna kukambirana ndi aboma asanduke muyeso wa chimene chili cholowa cha anthu onse.

Pali chinanso chimene ndiyenera kunena mwachilungamo: chigawo chomwechi ndicho chimalimbitsa mbali ya FIVA pa nkhani ya magetsi. Batire silibwera laulere kwa chilengedwe. Kulipanga kumatulutsa mpweya woipa wambiri galimoto isanayende ngakhale mita imodzi, ndipo miyala yake imakumbidwa ndi anthu. Gawo lalikulu la cobalt wa padziko lonse limachokera ku Congo, m'madera monga Kolwezi, kumene bungwe la Amnesty International linapeza ana akugwira ntchito m'migodi mu lipoti lake la 2016. Ngongole imeneyi imabwezedwa ndi makilomita. Galimoto yoyenda tsiku lililonse imaibweza. Kampani ya Opibus, yomwe pano imatchedwa Roam, itayamba ku Kenya mu 2017, inkasintha ma Land Cruiser onyamula alendo m'malo osungira nyama, magalimoto amene amatuluka m'bandakucha uliwonse ndipo kuyenda kwawo mwakachetechete kumathandiza ntchito. Pamenepo kusinthako kuli ndi phindu looneka. Koma galimoto imene imatuluka Lamulungu lokha dzuwa likawala, batire lake lidzakalamba lisanabweze kanthu. Amene akuisintha anene kuti akufuna galimoto yodzuka mosavuta, ndipo palibe cholakwa. Kupulumutsa dziko asakutchule.

Kumapeto kwa chikalatachi kumalankhula munthu, Tiddo Bresters wa ku Netherlands, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa pulezidenti wa bungweli woona za malamulo ndipo pasanapite nthawi anakhala pulezidenti. Mfundo yake ndi yakuti chimene chimapangitsa galimoto kukhala ya mbiri si kaumbidwe ka thupi lake, koma mmene galimoto yonse inapangidwira poyamba. Apa ndikugwirizana naye ndi mtima wonse, ndipo Beetle ndiyo mboni yabwino.

Tsekulani chivundikiro chakumbuyo cha Beetle. Muona injini yaing'ono ya masilinda anayi ogona, awiri uku awiri uku. Rediyeta mulibe, madzi mulibe, imazizira ndi mpweya. Lamba mmodzi amazunguza jenereta pamodzi ndi fani, ndipo akaduka, kanyali kamayaka pa dashibodi kukuuzani kuti muime pompo injini isanapse. Kutentha kumene kumafunditsa mapazi m'nyengo yozizira kumachokera ku mapaipi a ekizozi. M'mitundu ina, madzi otsukira galasi lakutsogolo ankakankhidwa ndi mpweya wa m'tayala la sipeya. Injini yonseyo imagwiridwa ku giyabokosi ndi mabawuti anayi, moti anthu awiri okhala ndi jeke amaitsitsa pabwalo la nyumba. N'chifukwa chake galimotoyi inafika kulikonse, mpaka zinapangidwa zoposa 21 miliyoni, zina ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo yomaliza inatuluka ku Puebla ku Mexico mu Julayi 2003. Timabowo ta kumbuyo kwa thupi lake tilipo kuti injini ipume. Malo a katundu ali kutsogolo chifukwa injini ili kumbuyo. Thupi lonse ndi yankho la mafunso amene injini inafunsa. Mu Beetle ya magetsi ya 2019, imene Volkswagen inapanga ndi kampani ya eClassics pogwiritsa ntchito zipangizo za e-up!, pamalo pamene panali injini panasanduka posungira katundu pachiwiri. Imathamanga mpaka makilomita 150 pa ola, imayenda makilomita oposa 200 isanatchajidwenso, ndi galimoto yabwino ndithu. Koma mwana woiyang'ana sangaphunzirepo kanthu za mmene anthu a m'ma 1930 anaganizira za galimoto yotsika mtengo.

Amene amasintha magalimoto ali ndi yankho, ndipo si lopepuka. Amati magalimoto ambiri akale akuwolera m'magalaja chifukwa odziwa kukonza kabureta akutha, ndipo ana olandira magalimotowa kwa makolo safuna chinthu chodontha oyilo chimene chimakana kudzuka m'mawa. Amati ndi bwino galimoto iziyenda ndi mtima wachilendo kusiyana n'kudyedwa ndi dzimbiri. Pa galimoto imene injini yake inaphulika kale kapena inatayika, ndipo zinzake zilipo zambirimbiri, ine sindiona chotsutsa. Chikalatachi sichisiyanitsa pakati pa Beetle yopezeka paliponse ndi galimoto imene zatsala khumi padziko, ndipo kumeneko n'kufooka kwake. Chimalankhula chimodzimodzi kwa onse.

Chimalankhulanso chimodzimodzi kwa anthu atatu amene Bresters amawatchula motsatizana: mwini galimoto, injiniya, ndi kampani yopanga magalimoto. Kampani yaikidwa kumapeto kwa mndandanda, ngati kuti ndi mnzawo wofanana nawo. Sali ofanana. Mwini galimoto akusintha galimoto imodzi ndi ndalama za m'thumba mwake. Kampani ikamasintha galimoto yake yakale ikugulitsa chikondi chimene anthu ali nacho pa dzina lake, ndipo pa Volkswagen dzinalo linali litangodetsedwa kumene.

Pa 18 Seputembala 2015, bungwe loona za chilengedwe ku America, EPA, linalengeza kuti magalimoto a dizilo a Volkswagen anali ndi pulogalamu ya kompyuta yozindikira kuti galimoto ili pa mayeso. Ikazindikira, inkachepetsa utsi. Ikabwerera pamsewu, mpweya wa nitrogen oxide unkatuluka mpaka kuwirikiza ka 40 kuposa mlingo wololedwa. Anazitulukira ndi akatswiri ochepa a pa West Virginia University, amene anangomangirira makina oyezera pa Jetta ndi Passat n'kuziyendetsa pamsewu weniweni. Kampaniyo inavomera kuti magalimoto okwana 11 miliyoni padziko lonse anali ndi pulogalamuyo. Mkulu wake, Martin Winterkorn, anatula pansi udindo pa 23 Seputembala. Mu 2017 inavomera milandu m'khoti la ku America, chindapusa cha pangano limenelo chinali madola 4.3 biliyoni, ndipo mmodzi wa akuluakulu ake, Oliver Schmidt, anagamulidwa kukakhala kundende zaka zisanu ndi ziwiri. Magalimotowa ankatsatsidwa ngati dizilo waukhondo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo apa nyererezo anaziikamo ndi manja, mwadala. Ngakhale madola 2 biliyoni amene anayambitsira Electrify America, kampani yoika malo otchajira magalimoto m'misewu ya ku America, anachokera m'pangano lothetsa mlandu womwewu.

Beetle ya magetsi si chinyengo. Palibe amene anabisa chimene chili m'kati mwake. Koma ndikumvetsa okonda magalimoto amene anaiona ku Frankfurt, pa chionetsero chomwe Volkswagen inatulutsirapo ID.3, n'kumva kuti nkhope yokondedwa ija yabwerekedwa kuti itsuke dzina. Kukayika kwawo sikuchokera pa kudana ndi magetsi. Mwina ena a iwo anagula dizilo uja chifukwa anakhulupirira. Munthu amene ananamizidwapo za zimene zili pansi pa boneti sakhulupirira msanga wonamayo akabweranso ndi uthenga wina wa ukhondo. Chikalata cha FIVA sichitchula kampani iliyonse, ndipo mwina sichikanatha, popeza makalabu amadalira makampani omwewa pa zipangizo ndi pa zolemba zakale za magalimoto. Koma chiganizo cha Bresters chija, choti thupi lokha si galimoto, chimawagunda makampaniwa kuposa mmene chimagundira munthu wa m'galaja.

Chiganizo chomaliza ndicho chabwino koposa, ndipo ndicho chimene amene anakwiya sanafikepo. FIVA imati ngati wina wasankha kusintha, asinthe mwa njira yoti n'kubwezeretsa, ndipo zipangizo zonse zoyamba azilembe zizindikiro n'kuzisunga pabwino, kuti tsiku lina galimotoyo ikhoze kubwerera mwakale n'kukhalanso ya mbiri. Dzina lija silikulandidwa mpaka kalekale. Likungoimikidwa. Amene angadzalitengenso mwina sanabadwe. M'chiganizochi mwini galimoto akuoneka ngati wongosungira wina, munthu amene ali ndi ufulu wosangalala ndi chinthucho koma alibe ufulu wotsekera njira wobwera pambuyo pake. Jaguar ndi Aston Martin anali atayamba kale kuganiza motere: mabatire a E-type Zero anaumbidwa kuti alowe pamalo enieni a injini, ndipo a Aston Martin anamangiriridwa pa zogwirira zoyamba za injini ndi giyabokosi, popanda kudula chitsulo.

Kuchita kwake n'kovuta kuposa kulemba. Injini yochotsedwa imafuna malo ouma, oyilo m'masilinda, munthu woizunguza nthawi ndi nthawi kuti isagwirane. Mabawuti amafuna timatumba tolembedwa. Galimoto ikagulitsidwa kawiri, bokosi la zipangizo limatsalira m'nyumba ya mwini woyamba, ndipo iye akamwalira ana ake amaligulitsa kwa ogula zitsulo pa sikelo. Chikalatachi chikudalira kukhulupirika kwa anthu ambiri otsatizana amene sadzaonana. Komabe chimene chikupemphacho ndi chochepa, ndipo munthu wamba wachikondi akhoza kuchikwanitsa.

Muyeso womwewu ukaikidwa pa makampani, mlandu waukulu umene umatulukira ndi wa galimoto ya magetsi. Mu Disembala 1996 General Motors inatulutsa EV1, pa nthawi imene boma la California linkakakamiza makampani kugulitsa magalimoto osatulutsa utsi. Anapanga 1,117 mpaka 1999. Kampaniyo sinagulitse ngakhale imodzi. Zonse zinali zobwereketsa, poyamba ku California ndi ku Arizona. Lamulo lija litafewetsedwa, kampaniyo inaitanitsa magalimoto ake. Inati sangabweretse phindu, ndiponso kuti singalonjeze zipangizo ndi chitetezo kwa zaka zambiri. Amene ankawayendetsa anachonderera. Mu 2005 ena anachezera usana ndi usiku kwa milungu panja pa malo a kampaniyo ku Burbank, atasonkhanitsa malonjezo a ndalama zogulira amene anatsala, osapempha chitsimikizo chilichonse. Magalimotowo anakwezedwa pa malole n'kukaphwanyidwa. Anthu amenewa anali okonda magalimoto enieni, a mtima womwewo wa amene amapukuta E-type Loweruka m'mawa, ndipo anachita ndendende zimene FIVA imapempha: anafuna kusunga chinthu chonse, mmene chinapangidwira. Amene anakana anali mwini dzina.

Nkhani imeneyi sinathe, chifukwa mzere wa zaka 30 ukuyendabe. Prius yoyamba ya Toyota ndi ya 1997, Roadster ya Tesla ndi ya 2008, Leaf ya Nissan ndi ya 2010. Tsiku lawo likadzafika, chigawo chachitatu chija chidzafunsa kuti asungidwe mmene analili m'nthawi yawo. Pisitoni ya 1930 makaniko waluso akhoza kuisula yatsopano. Batire la 2010 limafooka ngakhale galimoto itangoima, mtundu wake umasiya kupangidwa, ndipo pulogalamu imene imaliyang'anira ili m'manja mwa kampani. Pamenepo FIVA idzayenera kusankha pakati pa kulola mabatire amakono m'galimoto yakale, chomwe ikukana lero, ndi kupempha makampani kuti atsekule zolemba ndi mapulogalamu awo kwa anthu wamba. Ine ndikufuna idzasankhe chachiwiricho, ndipo idzatchule makampani ndi maina.

EV1 zoyamba zimakwanitsa zaka 30 mu 2026. Pafupifupi 40 zinapulumuka, zoperekedwa ku nyumba zosungira zakale ndi ku mayunivesite, koma kampaniyo inayamba yazichotsa zoziyendetsa, n'kupangana ndi olandirawo kuti zisadzayendenso pamsewu. Imene inaperekedwa yathunthu ndi ya ku Smithsonian ku Washington. Zotsalazo chigawo chachinayi zimachikwanitsa, popeza palibe amene amapita nazo kuntchito. Chimene sizikwanitsa ndi chigawo choyambirira chenicheni cha tanthauzo lija, choti ikhale galimoto ya pamsewu yoyenda ndi makina ake.